Takisi ya Malemu Haripada

Kuno ku Shyambazar aliyense akunong'ona zoti takisi yachikasu ya malemu Haripada ikukana a Nitai, amene anaigula. Dzulo m'mawa, pogulitsira tiyi pa siteji, mkulu wina wa girisi m'zikhadabo anawapeza atagwira tsaya.

"Yatani galimotoyo, achimwene?"

"Ndikangoima, injini imanjenjemera ngati ya malungo, kenako zii. Mapulagi ndasintha, kabuleta ndatsuka. Mkazi wanga masiku ake akwana, madala. Ikadzazima panjira ya kuchipatala ndidzatani?"

"Paipi ya mpweya siinang'ambike?"

"Ndi yatsopano."

"Nanga kabawuti kochunira kabuleta?"

"Ndimakachuna tsiku lililonse, injini n'kumalira bwinobwino. Kukacha ndimakapeza katazungulizidwa chobwerera kawiri ndi theka, galaja ili chikiyire."

Mkulu uja anaika kapu pansi.

"Kawiri ndi theka? Haripada ankakasiya pomwepo dala. Ankati injini ikamalira mosalala imamugoneka pachiwongolero ngati khanda. Ine ndinamuseka, ndinati ndi zamowa, mpaka tsiku lina ndinamuchunira osamuuza."

"Ndiye?"

"Tsiku limenelo sanafike kwawo, achimwene."

A Nitai anayang'ana sikuludiraiva yomwe inali m'manja mwawo. Inuyo mukanakhala iwo, mukanakachunanso lero?