Amayi ankathyola tiyi kumanda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ine ndine Esinati, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a amayi anga, amene anatsala pang'ono kuwaphetsa ndi miyala ya anthu.

Amayi anakalambira m'tiyi. Atapuma ntchito ndinawatenga kuti tizikhala limodzi kumalaini, nyumba za antchito zija. Poyamba ankangoiwala pomwe aika mpango, ife n'kumaseka. Kenako anayamba kulalatira adzukulu kuti awabera chitenje chomwe chili m'chiuno mwawo. Chichewa chinayamba kuwathawa, n'kumangoyankhula Chilhomwe cha paubwana wawo, akuitana abale amene anamwalira kalekale. Anthu anayamba kunong'onezana kuti agogo aja amacheza ndi akufa.

Kuchipatala, ulendo woyamba anati ndi malungo. Wachiwiri anati ndi misala, natipatsa mapiritsi amene ankawagonetsa tsiku lonse, dovu lili chuchuchu. Amalume anati tipite kwa sing'anga. Kumeneko tinangotayako mbuzi, amayi n'kubwerako ndi mphini.

Tsiku lina masana ndili pamzere wa kusikelo koyezetsa tiyi, ndinamva phokoso kumanda amene ali pakati pa minda ya tiyi. Nditathamangirako ndinapeza amayi ali pansi, magazi akuyenderera pachipumi, chitenje chodzaza masamba chili kumsana. Anthu anali atawagenda atawapeza akuthyola masamba a mitengo ya kumandako, komwe munthu salowa popanda maliro. Mwezi womwewo n'kuti mwana wa oyandikana nafe ataikidwa pamenepo.

"Mfiti iyi! Imadzatenga mwana wathu!" anakuwa bambo a malemuwo.

Akapitawo ndi amene anawalanditsa, koma anandiuza kuti amayi achoke pamalaini, apo ayi iwo sadzayankhapo. Achoke apite kuti? Kumudzi mbiri inali itafika kale. Ndinakwiya ndi Mulungu, sindibisa. Ndinapemphera kuti, "Ngati simuwachiritsa, atengeni Inu, asafe ngati galu wachiwewe."

Bala lomwelo ndi limene linatitengera kuchipatala china kuti akawasoke. Dokotala wa kumeneko, mayi wofatsa, sanangosoka n'kutithamangitsa. Anandifunsa kuti zinayamba liti, zinayamba bwanji. Anawayeza magazi kuti aone ngati pali nthenda ina yosokoneza mutu, ndipo anawasiyitsa mapiritsi ogonetsa aja. Titabweranso anawafunsa amayi kuti ali kuti, ine ndine ndani, nawatchulira mayina a zinthu kuti abwereze. Amayi anangomwetulira, n'kunena kuti ine ndine mchemwali wawo.

Ndinamuuzanso za masamba aja, kuti nditamasula chitenje ndinapeza onse ali masamba awiri ndi kansonga, monga timathyolera tiyi.

"Amayi anu si mfiti, komanso si misala," anatero dokotalayo. "Ndi matenda a ubongo otchedwa dimenshiya. Mutu waiwala kuti anapuma ntchito, koma manja akukumbukabe. Kumanda kuja iwo ankaona ngati ali m'munda."

Ndinafunsa za mankhwala. Anandiuza mosabisa kuti ochiritsiratu palibe, ndipo matendawa adzapitabe patsogolo. Ndinalira ngati kuti maliro achitika kale.

Koma anandipempha kuti ndibwere ndi akapitawo komanso mkulu wa mpingo wathu, ndipo anawafotokozera zonse pamaso panga. Lamulungu lotsatira mkuluyo anazinena kuguwa. Ena anamva, ena mpaka lero amakoka ana awo akaona amayi. Chachikulu n'chakuti sitinachoke, ndipo palibe anatolanso mwala.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha dzina la matendawa, pakuti dzina lomwelo ndi limene linawapulumutsa. Machiritso sindinawaone, ndipo sindikunamizani kuti ndikuwayembekeza. Inu amene muli ndi kholo loiwalaiwala, musatope kubwerera kuchipatala mpaka mutapeza wokufunsani bwinobwino, ndipo musalole kuti anthu alitchule dzina lawolawo. Limbikani, ngakhale pemphero liyankhidwe theka.

Masiku ano ndimawamangirira kadengu kumsana, iwo n'kumathyola masamba a mpanda wa pakhomo, amayi a kumpingo akuwayang'anira mosinthana. Dzulo nditaweruka amayi anga anandigwira dzanja, nandiuza m'Chilhomwe kuti, "Achemwali, mukamuona mwana wanga Esinati, mumuuze kuti ndikumudikira."

Ndinati, "Ndimuuza, amayi." Kenako ndinawalandira dengu.