Pakati Padzaza Kale

M'mawa umene mkulu wokonza mapulani ku khonsolo, amene anzawo ankangowatcha kuti a Mapulani, ankayenera kukafotokozera makhansala mmene boma lawo likulire m'zaka makumi atatu zikubwerazi, foni yawo anaizimitsa n'kuitsekera m'dilowa. N'chifukwa chake mlamu wawo, mayi wosoka zovala, anachita kukwera masitepe a ofesi ali wefuwefu, tepi yoyezera ikadali m'khosi, kudzawauza zimene makina ounikira m'mimba anaonetsa kuchipatala: mng'ono wake, mkazi wa a Mapulani, amene anakhala pabanja zaka zambirimbiri popanda mwana, anali ndi pakati, ndipo ana ake anali atatu.

"Alamu! Alamu, takhalani pansi kaye!"

"Ayi, khalani ndinu," anatero a Mapulani akukoka mpando. "Mwafika bwino zedi. Ndimasowa munthu woti ndiyeserere naye. Inuyo mukhala makhansala."

"Ine ndekha makhansala?"

"Onse. Ndi wapampando yemwe."

"Koma alamu, inetu ndikuchokera ku..."

"Mafunso kumapeto!"

Mayiyo anakhala m'mphepete mwa mpando. A Mapulani anakonza tayi, natola rula yaitali, nagogoda mapu aakulu amene anakhomedwa pakhoma.

"Olemekezeka nonse. Tikuchuluka. Pamene timayembekezera munthu mmodzi, kukubwera atatu."

Mlamu uja anadzambatuka. "Ha! Mwamva kale?"

"Kumva? Ine ndinadziwa kalekale."

"Wakuuzani ndani? Ifetu tangoziona lero lomwe lino pamakina!"

"Makina amachedwa. Ine ndili ndi masomphenya."

"Masomphenya? Inu alamu, amene mumayamba mkonono ulaliki usanafike n'komwe pakati?"

"Masomphenya anga safuna ulaliki. Amafuna mapu ndi mutu wogwira."

"Iii, koma abale! Ndiye munawaona onse?"

"Onse. Kumene akuchokera, kumene adzagone, ngakhale madzi amene adzamwe."

"Amuna kapena akazi?"

"Osakaniza. Koma akazi achulukirapo pang'ono."

"Atsikana awiri, mnyamata mmodzi! Lululululu!"

"Alamu! Wapampando saimba nthungululu."

"Pepani. Pitirizani, aneneri."

A Mapulani analoza ndi rula pakati pa mapu, pamene misewu inapiringizana ngati ulusi wogwera pansi.

"Vuto lathu lalikulu ndi ili. Pakati padzaza kale."

"Eee, padzazadi. Adokotala anenanso chimodzimodzi."

"Mwaona? Mpaka madokotala akudandaula. Palibe popondanso."

"Akuti ali thithithi, wina mutu uku, wina mutu uko."

"Ndendende! Chipwirikiti chokhachokha. Ndiye obwerawa tiwapezera malo kunja. Apa." Rula inatsetsereka mpaka kumapeto kwa mapu. "Kutsidya kwa mtsinje, kuseri kwa malo ochekera matabwa."

Mlamu uja anasiya kumwetulira. "Kutsidya kwa mtsinje?"

"Kuli mpweya wabwino."

"Okhaokha?"

"Aphunzire kudzidalira kuyambira pachiyambi. Tikawalera ndi manja awiri, adzatilemera."

"Nanga akamva njala?"

"Tiwamangira msika pompo."

"Msika! Nanga makolo awo azikawaona bwanji?"

"Pa basi. Tadula msewu wa mabasi okhaokha. Wofuna kulimbitsa thupi, tamuikira kanjira ka njinga m'mbali mwake."

"Alamu, inu mtima wanu unapangidwa ndi simenti?"

"Simenti tiichepetsa, imatenthetsa dziko. Mafunso kumapeto."

Mayiyo anavula tepi m'khosi, naikulunga padzanja, naimasulanso. A Mapulani anali atatentheka tsopano, akuyendayenda pakati pa desiki ndi kabati.

"Malo ndi ochepa, olemekezeka, ndipo minda sitiikhudza. Ndiye obwerawa sitiwayala chammbali. Tiwasanjikiza."

"Muwatani?"

"Kuwasanjikiza. Wina pansi, wina pamwamba pake, wina pamwamba penipeni."

"Ngati nsalu pashelefu?"

"Mwaimvetsa msanga kuposa makhansala enieni."

"Wapansiyo apuma bwanji?"

"Funso labwino, ngakhale lafulumira. Tamusungira mapapu. Awa." Anagogoda zigamba zobiriwira zimene zinali apa ndi apo pamapu.

Mlamu uja anayandikira, natsinzina diso limodzi. "Amenewa ndi mapapu?"

"Mapapu enieni. Wowakhudza tithana naye."

"Obiriwira chonchi?"

"Biriwiri! Akamabiriwira kwambiri ndiye kuti ali bwino."

"Mayo ine! Pamakina paja zimangooneka zakuda ndi zoyera. Akanationetsa mtundu, bwenzi titafunsa."

"Makina a m'maofesimu ndi otero, inki yamitundu inatha kale. Tipitirize. Nkhani ya zonyansa."

"Ehe."

"Tisanamizane, olemekezeka. Obwerawa adzatulutsa zonyansa zambiri. Usana ndi usiku, osapumira."

"Apo pokha mwanena zoona, alamu. Ine ndayamba kale kuganiza za nsalu zoti ndidule."

"Koma palibe kutaya! Kutaya ndi umbuli. Tizizisonkhanitsa zonse m'thanki, ziziwira bwinobwino, mpweya wake tiziphikira."

"Kuphikira chiyani?"

"Chakudya. Tiyi. Chilichonse."

Mlamu uja anagwira pakamwa. "Alamu, ine kwanu ndizibwera nditadya."

"Poyamba aliyense amatero. Mudzazolowera, moto wake ndi wabuluu, wopanda utsi. Zotsalira m'thankimo tizithira m'dimba."

"Ndi masamba anu omwe ndawasiya."

"Chinanso! Aliyense akangofika, abzale mtengo."

"Akangofika?"

"Tsiku lomwelo."

"Asanasambe n'komwe?"

"Akasamba pambuyo. Ndipo asambe mwachangu, madzi ndi ofunika kusamala."

"Khasu agwira bwanji, timanja take tili ngati nyemba?"

"Wofooka athandizidwe ndi mnzake. Ndiye kukhala pamodzi kumeneko."

"Koma ndiye abadwira m'mavuto."

"Ayi, abwera m'dongosolo. Ndipo apa ndiye pagona nkhani yonse." A Mapulani anaimika rula m'mwamba. "Wobwera nthawi yake isanakwane, timubweza kumene wachokera."

Mpando unagwa chagada. Mlamu uja anali ataimirira, manja m'chiuno.

"Kumubweza?"

"Mwaulemu, koma timubweza."

"Alamu, khomo limenelo ndi lotulukira lokha!"

"Palibe khomo lotero. Njira yobwerera ndi yomwe wadzera."

"Mwini wake mwamufunsa?"

"Eni ake tinawafunsa m'misonkhano, anavomera ndi m'manja momwe."

"Misonkhano! Nkhani ya m'nyumba mpaka misonkhano?"

"Pamabwera anthu ambiri. Tinagawa ndi zakumwa."

"Kalanga ine, manyazi!"

"Khalani pansi, wapampando, ndikumaliza. Chinsinsi cha kukula kokhazikika ndi ichi: asabwere onse nthawi imodzi. Tiwagawa magawo. Oyamba alowe zaka khumi zoyambirira. Achiwiri adikire zaka khumi zinazo. Otsiriza, pakatha zaka makumi atatu."

Mlamu uja anatenga tepi ija, naizunguliza pamimba pake, nayamba kuitambasulira kutsogolo mpaka mkono unathera, tepi nayo inathera.

"Zaka makumi atatu," anatero pang'onopang'ono.

"Zimathamanga, musaope."

"Womalizayo adzatuluka ndi ndevu!"

"Ndevu si vuto la khonsolo."

"Zaka makumi atatu mng'ono wanga atanyamula mimba? Ine ndizimusokera chiyani? Tenti? Ayi alamu, masomphenya anuwo abwezeni kumene munawatenga! Mwana wa mayi anga si nkhokwe!"

A Mapulani anatsitsa rula.

"Mng'ono wanu akulowa pati mu pulani ya boma?"

"Nanga pakati pamene padzaza ndi pa ndani?"

"Pa tawuni."

"Tawuni yake iti? Ine ndikunena akazi anu!"

"Akazi anga ali kunyumba, akumva chizungulire. Ndinawauza kuti amwe madzi ambiri."

"Ali kuchipatala! Ndawaperekeza ndine. Chizungulire chimenecho chili ndi mitu itatu!"

Panja galimoto inaliza hutala, wina anaseka m'khonde. Rula inapulumuka m'manja mwa a Mapulani n'kugwera pansi.

"Mukuti chiyani, alamu?"

"Ali ndi pakati."

"Akazi anga?"

"Nanga a ndani?"

"Pakati penipeni? Osati..." analoza mapu ndi chala.

"Penipeni. Pa anthu."

A Mapulani anafufuza mpando kumbuyo kwawo, osaupeza, nakhala padesiki, pamwamba pa kapu ya tiyi wozizira. Sanamve n'komwe kunyowa.

"Ifetu tinasiya n'kuitchula komwe nkhani imeneyi," anatero ndi mawu aang'ono. "Tikaona ana a anzathu, timangoyang'anana, wina n'kuyamba kukamba za mvula."

"Ndikudziwa, alamu."

"Ndiye mukuti atatu?"

"Ndawawerenga ndekha. Timitima tikugunda ngati makina anga osokera, tonse titatu. Mwini wake ali pabenchi uko, akuseka uku akulira. Wakuimbirani mpaka chala kutupa."

"Foni ili m'dilowa."

"Ndiye ndathamangira chiyani ine?"

A Mapulani anayamba ndi kamwetulira, kenaka phwete, kenaka chikhakhali chimene chinagwedeza mawindo. Anadumpha padesiki paja, thalauza lili chonyowa kumbuyo, nagwira mlamu wawo manja onse awiri n'kuzungulira naye ofesi yonse.

"Atatu! Alamu, atatu!"

"Ndisiyeni, mundigwetsa! Lululululu!"

"Imbani! Imbaninso, wapampando!"

"Ndiye simuwapititsa kutsidya kwa mtsinje?"

"Ndani? Ana anga? Wowayandikitsa kumtsinje ndimuluma!"

"Mtengo uja abzale?"

"Ndibzala ndine! Nkhalango yathunthu!"

Anatola jekete nalivala chakunja m'kati, natsegula kabati m'malo mwa chitseko, natsekanso.

"Nanga makhansala?" anafunsa mlamu uja akupukuta misozi ndi nsonga ya tepi.

"Wachiwiri wanga awawerengera. Tiyeni!"

Koma atafika pakhomo anaima njo, dzanja lili pachitseko. Nkhope ya ntchito ija inabwerera pang'onopang'ono.

"Dikirani kaye, alamu. Nyumba yathu ija ndi ya chipinda chimodzi."

"Eee."

"Bedi limodzi. Chingwe choyanikira zovala n'chachifupi ngati lamba."

"Eee."

"Ndiye atatu, nthawi imodzi, pamalo opanikizika chonchija. Popanda kuyeza, popanda kukambirana, popanda ngakhale kajambula kapapepala. Ayi ndithu! Ntchito yachisawawa ngati imeneyi anagwira ndani?"

Mlamu uja anabweza tepi m'khosi, nawakankhira panja.

"Kontilakitala wake ndinu, alamu. Tiyeni mukaone zimene munamanga."