Madzi amene ndinawaza pa nsawa za a Nambewe

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, inu owerenga nokha ndi inu amene akukuwerengerani ena chifukwa maso anatopa ngati angawa. Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, kuti museke msanga tithane nazo. Kwa zaka zambiri ine Gidiyoni Banda, wa kufupi ndi ku Mkaika, ndinkakhulupirira kuti maphunziro a bizinesi a amayi ndi njira chabe yokamwera tiyi wamkaka ku Katete ndi kuphunzira kuyankha amuna. Ndinkanena poyera kuti munthu wobadwira m'munda wa nsawa sangaphunzitsidwe za nsawa ndi kamtsikana konyamula bolopeni. Sukulu ndinalekezera Giredi 4, koma pakamwa pokha ndinafika napo ku yunivesite. Maganizo amenewa anatsala pang'ono kutichotsera chakudya pakamwa, ine ndi akazi anga.

Zaka ziwiri zapitazo ndinagwa pa ngolo tikututa thonje, ndipo ndinathyoka m'chiuno. Kuchipatala anachita mbali yawo, koma kuchokera pamenepo ulendo wanga wautali ndi wochoka pakhonde kupita kuchimbudzi, ndodo ili m'manja. Munda wa thonje unasanduka tchire. Ana athu ali ku Lusaka ndi mavuto awoawo. Nyumba yonse inatsamira pa akazi anga, a Nambewe, ndi pa gulu lomwe lija ndinkalinyoza.

Gululo ndi la amayi a m'midzi yathu ino. Anakaphunzira ku Katete kukazinga nsawa, zimene anzathu a kutsidya kwa malire amati mtedza, kuzigaya pa makina, n'kuika chiponde m'mabotolo aukhondo. Anawalumikizanso ndi magulu ena a ku Sinda ndi ku Vubwi, moti amauzana pa foni za ogula ndi za mbewu yabwino. Sitolo ina ya m'tauni inavomera kumatenga chiponde chawo, koma inanenetsa kuti botolo limodzi likangopezeka loipa, ubale watha ndi onse. N'chifukwa chake amayiwo anaika lamulo lolimba: aliyense abweretse nsawa zake zoswaiswa m'thumba lolembedwa dzina lake, ndipo wobweretsa nsawa zothira madzi achoke m'gulu. Madzi amabala chuku, ndipo anawaphunzitsa kuti chuku cha nsawa chili ndi poizoni wosatha ngakhale uzikazinge chotani. A Nambewe anazigwira bwino zimenezi, mpaka anzawo anawasankha kuti aziphunzitsa ena kaumitsidwe ka nsawa. Ine ndinkangoti, "Aphunzitsi, mchere watha muno," iwo n'kungondiyang'ana.

Wapampando wa gululo ndi msuweni wanga Esinati, mayi wamasiye wa mawu ngati belu la patchalitchi. Ine ndi iye takhala tikunyozana mwa chisuweni kuyambira tili ana. Ndinamupatsa dzina loti Wailesi, iye amanditcha Nduna ya Pakhonde.

Titatha kukolola, amayi angapo anaitanidwa ku Vubwi masiku atatu, kukaona mmene anzawo akumeneko amagwirira ntchito. A Nambewe asananyamuke anatunga madzi kudzaza diramu kuti ndizimwa ndi kusamba. Pakhonde panali matumba atatu a nsawa zosaswa, za gawo lawo la kugulu. Sanandiuze kuti ndiswe ayi. Ndinadzituma ndekha, ndipo apa mundimvetse abale: munthu amene wakhala akungodyetsedwa miyezi yonseyo amalakalaka tsiku limodzi lokha loti wina amuuze kuti zikomo.

Koma nsawa zouma bwino zimaluma zala. Ndisanadzaze n'lichero lomwe, zala zanga zinali zitayamba kutentha. Ndinakumbukira mmene atate ankachitira, ndi mmene ambirife timachitira tikamagulitsa kwa anthu a masikelo m'mbali mwa msewu. Umawaza madzi madzulo, n'kufunditsa masaka. M'mawa makoko afewa ngati a nthochi, ndipo sikelo nayo imakondwa. Lamulo la gulu ndinkalidziwa bwino lomwe. Ndinangoti mumtima, za m'kope zimenezo, ife tinakula nazo. Ndinadzikoka mpaka padiramu ndi kabeseni, ndipo m'masiku atatu madzi onse anathera pa nsawa. Ndinaswa zonse, ndinathira m'thumba zisanaone n'dzuwa lomwe, ndinasoka, n'kukhala pambali pake ngati mlenje wapha nyati.

A Nambewe atabwera anagwada, anaomba m'manja, anati, "A Banda, mwandipeputsa." Anandiphera nkhuku tsiku limenelo. Ndinadya ntchafu zonse ziwiri.

Patapita masabata awiri ndi masiku, inafika nthawi yawo yogayitsa. Thumba analimasula pamaso pa gulu lonse, ndipo panalinso amayi achilendo amene a Nambewe anayenera kuwaphunzitsa tsiku lomwelo. Akuti fungo linatuluka lokha lisanatheretu kumasulidwa. Nsawa zinali zitamatana, zina zobiriwira, zina zakuda. Mphunzitsi wa kaumitsidwe ka nsawa, dzina lake lili pathumba. Anabwera kunyumba dzuwa likadali pamutu, anakhala pamphasa osavula nsapato. Anangoti, "Lachisanu la sabata yamawa akambirana zondichotsa." Sanafunse kanthu, sanandiyang'ane n'komwe.

Abale, ndende ina ilibe chitseko. Mwamuna wamiyendo akalakwa amapita kudimba, kumsika, kaya kumaliro a munthu wosamudziwa, bola achoke pamaso pa mkazi wake. Ine ndinalibe kothawira. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndinali pakhonde lomwelo, pamalo penipeni pamene ndinawazira madzi, kuwaonerera a Nambewe akusesa bwalo loseseratu. Foni yawo, imene inkalira ngati mwanapiye tsiku lonse, inangoti zii. Mabotolo amene anatsuka anali ndandanda pawindo, opanda kanthu. Akachoka m'gulu ndiye kuti makina palibe, sitolo palibe, ndipo ine wolima thonje ndili chikhalire. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma ndikati nditsegule pakamwa, ndinkakumbukira nkhuku ija ndi kuomba m'manja kuja, n'kupatsekanso.

M'malo monena zoona ndinayamba kulima mabodza. Ndinati mwina alipo wina wansanje wazipondera. A Nambewe anati iwo za ufiti anasiya kalekale. Ndiye ndinati denga la chipinda chosungira likudontha, kuiwala kuti mvula inali italeka miyezi iwiri m'mbuyomo. Bodza limenelo ndinauzanso aliyense wodutsa panjira.

Kupemphera ndinkapemphera, koma mapemphero ake ochititsa manyazi. Ndinapempha Mulungu kuti amayi aja aiwale tsiku la msonkhano. Ndinapempha kuti Esinati agwidwe ndi chifuwa, chaching'ono chabe, choti mawu atseke sabata imodzi. Kumwamba kunali chete. Lamulungu akulu ampingo anandibweretsera Mgonero kunyumba, monga amachitira ndi ife osayenda. Nditaona chikho, dzanja linakana. Ndinanama kuti m'mimba simuli bwino. Atachoka ndinalowa m'nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapemphera ngati munthu wamkulu. Ndinati, Ambuye, pakamwa pangapa mwapamva pakulongolola zaka makumi asanu ndi awiri, lero patsekeka pa mawu amodzi okha ofunika. Nditumizireni wondithandiza kupatsegula, ndekha ndalephera.

Ndinkayembekezera abusa, kapena loto. Mulungu ananditumizira Wailesi.

Anafika Lachinayi, a Nambewe atapita kuchigayo. Anati wabwera kudzaona denga lodontha lija. Analowa, anasuzumira, anatuluka, n'kukhala pansi pafupi nane.

"Denga lako ndi louma kuposa m'thumba mwako," anatero. "Tabweretsa manja."

Anatembenuza zikhato zanga ngati akugula nsomba.

"Matumba atatu a nsawa zouma, masiku atatu, munthu mmodzi. Zala zikanasupuka izi. Zakozi zili ngati za mlembi wa kuboma. Gidi, unathira madzi angati?"

Ndinafuna kuseka, kuti ndimubwezere kena kake monga mwa masiku onse. M'malo mwake ndinalira, mkulu wonse ine, mamina ndi misozi. Ndinamuuza zonse. Sanandinyoze, ndipo chimenecho chinandiopsa kuposa kutukwana. Anangoti, "Ine sindikanena. Ukanena wekha. Mawa ndikutumizira ngolo, ndipo ugwiritsitse, usagwenso."

Sindinathe kuwauza a Nambewe madzulo amenewo. M'mawa anangoona ndikuvala jekete la kutchalitchi n'kukwezedwa pa ngolo ngati thumba la feteleza. Nawonso anakwera, tinapita kumsonkhano kuja.

Pamsonkhanopo ndinali mwamuna ndekha. Anandipatsa mpando, koma ndinaimirira ndi ndodo yanga, chiuno chikuwawa, n'kunena mmene ndinawazira, mmene ndinafunditsira, ndi nkhuku imene ndinadya. Palibe anaseka. Mayi wina anati lamulo ndi lamulo, tikalekerera apa mawa aliyense azinamizira mwamuna wake. Sindinamuone kulakwa, ankateteza chakudya cha ana ake. Ena anavomereza, ndipo ndinaona kuti kuulula kwanga kwachedwa. A Nambewe anali atangoweramitsa mutu.

Pamenepo Esinati anafunsa kuti, "Pano ndani amaswa yekha nsawa zake zonse, popanda mwamuna, mlamu kapena apongozi?" Palibe anakweza dzanja. Anati, "Ndiye tonse tili pa ngozi yomweyi. Tinaphunzitsa mitu imene inapita ku Katete, manja otsala kunyumba tinawaiwala." Anakambirana nthawi yaitali, ine atanditulutsa panja kukakhala ndi ng'ombe yokoka ngolo ija. Pondiitananso anati a Nambewe akhalabe m'gulu ndipo apitirize kuphunzitsa. Nsawa zoola zikwiriridwe m'dzenje, zisapatsidwe ngakhale nkhumba.

Chotsalira chinali gawo lawo la kusitolo, limene tsopano linalibe nsawa. Esinati anaimba foni ku Vubwi pomwepo, n'kufotokoza zonse, dzina langa osalibisa. Ndinamva amayi akumeneko akuseka mufonimo mpaka ng'ombe inatembenuka. Atatha kuseka anati atitumizira thumba la nsawa zawo, likwera galimoto Lolemba. Anthu oti sanandionepo, amene ine ndinkati amangomwa tiyi. A ku Sinda atamva anatumiza uthenga woti nawonso ali nawo amuna otere, ndipo akufuna kubwereka wathuyu.

Chilango changa ndi ichi. Nsawa zonse za gulu zimadutsa pakhonde panga, ndipo ndimasankha imodziimodzi, kuchotsa zofota, zosweka ndi zokayikitsa. Maso anatopa pa zilembo, koma chuku ndimachidziwa ngati m'bale wanga. Ndiponso amayi akamachita maphunziro masiku ano amaitana amuna tsiku limodzi, ine n'kuikidwa kutsogolo kuti ndifotokoze uchitsiru wanga. Ndafika nawo ku Sinda, pa minibasi, mpando wakutsogolo. Madoda amabwera atakwinya nkhope ngati mmene ndinkachitira ine. Ndimawauza kuti tiyi alipodi, sindinaname, koma mumwe mutatsegula makutu.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe mapemphero anga opusa, koma anayankha limodzi lija. Ndikuthokoza amayi a magulu onse atatu, ngakhale Wailesi amene, koma musakamuuze. Inu amayi amene mukuyamba kabizinesi, musayende nokha, gwiranani ndi anzanu, pakuti tsiku lina thumba lanu lidzanunkha ndipo mudzafuna wokuimbirani foni. Inu amuna anzanga, funsani zimene akazi anu akuphunzira musanawathandize. Ndipo iwe amene wakhala pakhonde ndi mawu okukanika kutuluka, usaleke kupemphera. Mthandizi akubwera, kungoti mwina si amene ukumufuna.

Nditsirize ndi za tsiku la msonkhano lija. Titabwerera kunyumba ndi kudya, ndinakonza kukhosi kuti ndipepese bwinobwino, ndi mawu a m'Baibulo omwe. A Nambewe anandidula ndisanafike patali.

"A Banda, ine ndinadziwa tsiku lomwe tinamasula thumba lija. Ndinakusiyirani diramu lodzaza, ndinalipeza louma, koma inu mukununkha ngati tonde. Ndimangofuna ndione ngati mundisiya ndigwe ndekha. Kagoneni, Lolemba kukubwera nsawa. Ndipo madzi ndawathira m'beseni. Amenewo ndi anu, si a nsawa."