Pulogalamu Imene Malemu Anasiya

Pamzere wolandirira mankhwala, mayi wina anayang'ananso foni yake n'kuusa moyo.

"Kwagwanji, mayi?" anafunsa bambo wa magalasi akuda kumbuyo kwake.

"Malemu amuna anga anasiya pulogalamu yowerengera osaona zolembedwa pamabotolo a mankhwala. Anzawo akuti ndisankhe lero laisensi, malamulo ogwiritsira ntchito pulogalamuyo. Ina imalola aliyense kuitenga, kuikonza, ngakhale kubisa zimene wakonzazo. Inayo imati ukaikonza n'kugawira ena, uonetse zonse poyera."

"Sankhani yachiwiriyo."

"Makampani ambiri amaithawa. Nanga aziikonza ndani? Ine za makompyuta sindizidziwa."

"Nanga yoyambayo?"

"Akhoza kuikonza bwino n'kuitsekera m'mafoni odula okhaokha."

Bamboyo anapapasa botolo m'thumba mwake.

"Chonde musapupulume, mayi. Pulogalamuyo ndi imene imandiuza kuti ndimwe mapilisi angati."