Mitengo Imene Ndinaopa Kudula

Moni nonse, abale ndi alongo. Abusa andipatsa mphindi zisanu, koma mawondo anga avomera zinayi. Ndine bambo a Rosa, uja wa khofi m'munsi mwa phiri.

Nkhondo itatha, titabwerako ku Malawi kumene tinathawira, ndinapeza mashamba a malemu bambo anga, minda yathu ija, atasanduka nkhalango. Chuma chimene anandisiyira chinali khofi basi, ndipo ndinamupeza ali moyo pansi pa mitengo, ngati sanamve zoti kunali nkhondo.

Masiku amenewo, munthu wosalambula malo ake ankaoneka ngati sanabwere, wina n'kulimapo. Ndiye ndinatenga nkhwangwa. Ndinadula, abale. Ndinadula mpaka mbalame zinkatera pamutu panga, poti chachitali chotsala m'mundamo ndinali ine. Ndili m'nyumba ya Mulungu, sindinganame. Ndinangosiya mitengo ya kumapeto, yogundana ndi manda, chifukwa kumanda munthu sadulako mwachisawawa.

Poyamba khofi ankabereka. Kenako nyengo inatembenuka. Mvula inkagwa kamodzi, khofi n'kuchita maluwa, iyo n'kusowa. Maluwa onse n'kuyoyoka. Dzuwa linkakazinga khofi ali pamtengo, moti wodutsa ankangosowa kapu ndi shuga. Mvula ikakumbuka, inkabwera yonse tsiku limodzi, n'kukokolola nthaka yanga kukathira mumtsinje wa Ruo. Pamalire palibe anaifunsa chiphaso. Ine ndinabwerera kwathu, munda wanga n'kuthawira ku Malawi.

Ndinatopa, abale. Ndinatopa kulima, ndinatopa kuyang'ana mitambo, ndinatopa ngakhale kudandaula. Ndinauza mayi a Rosa kuti ndizula khofi yense, ndizikanyamula katundu wa amalonda pamalire. Anandifunsa ngati msana wanga ndaudziwitsa.

M'mawa ndinayamba kuzula, iwo akunditsata pambuyo. Mzere ndi mzere, khofi wa bambo akugona pansi ngati nkhuni. Dzuwa lili pamutu tinafika kumapeto, kumene ndinkangodutsako mothamanga chifukwa cha mantha. Kumeneko khofi anali wobiriwira, zipatso zili psuu, nthaka yonyowa pansi pa masamba ogwa. Ndinagwada, n'kunena kuti bambo akundilankhula.

Mayi a Rosa anati, “Apongozi anga sanadzukepo kudzathirira. Tayang'anani kumwamba.”

Ndinayang'ana, kuyembekezera mngelo. Ndinaona nthambi.

Abale ndi alongo, zaka zonse zimene tinali kothawa, Mulungu ankandidzalira mthunzi. Ine ndinafika n'kuudula, kenako n'kumamupempha mtambo.

Tsiku limenelo khasu ndinaliika pansi. Tinadzala nthochi pakati pa khofi wotsala. Tinatola timbande ta mitengo tomera kunja kwa manda n'kuwokera m'munda monse. Zinyalala tinasiya kutentha, timaphimbira nthaka. Mizere tinaipingasa kuti madzi azipuma panjira. Mitengoyo inachedwa kukula, moti imvi zanga zinaipitirira kawiri.

Lero mvula ikadali yosadalirika. Sindinalemere, njinga yanga ndi yomwe ija imene mumaimva ikadali kutali ku Mongue. Koma maluwa akugwira, khofi wa bambo alipo, ndipo pamalire ndimadutsa ngati mlendo, wopanda thumba la munthu pamutu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa mantha pamene nzeru zinandithera. Ndikuthokozanso mayi a Rosa. Nkhwangwa amasunga ndi iwo. Ndikaifuna ndimapempha, ndipo amandiperekeza.

Ambuye akudalitseni. Ndikhale pansi.