Chidulo chimene ndinawamwetsa mayi anga

Zikomo awulutsi, muwawerengere anzanga nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Ndine bambo wa kwa Mlolo ku Nsanje. Mayi anga ndi achikulire, koma ankalima okha kudimba.

Tsiku lina ndinawerenga pa foni kuti asidi akachuluka m'thupi, munthu amakalamba msanga. Ndinawauza mayi kuti asiye mlamba ndi nyama yambuzi, ndipo m'mawa uliwonse azimwa chidulo, madzi aphulusa aja timaphikira therere, kuti asidiyo achepe.

"Mwananga, chidulo n'chakumwa?" anandifunsa.

"Imwani amama, ndawerenga ine."

Anandimvera poti ndinapita kusukulu. Patatha mwezi anaonda, anayamba kusanza, mpaka anagwa ali kudimba. Tinathamangira nawo kuchipatala. Adokotala anati m'mimba mwawo muli zilonda, ndipo anafunsa mokalipa kuti nzeru imeneyi anawapatsa ndani. Mayi anandiyang'ana, kenako anati, "Ndinaganiza ndekha, adokotala."

Panopa ngakhale khasu likuwakanika. Anzanga, za pa foni muziyamba mwafunsa kuchipatala. Azichemwali anga amanditamanda kuti ndikusamala bwino mayi, ndipo mpaka lero ndikulephera kuwauza kuti ndinawadwalitsa ndine.