Mwana wanga analowa m'bokosi ali moyo

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, ndi inu achinyamata mwadzazana kumbuyo uko, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Aa, mwayankha ngati simunamwe tiyi. Aleluya! Eya, choncho.

Ine lero ndikufuna kuchitira umboni. Ambiri mukundidziwa, ndine Nabanda, uja wogulitsa mpunga pamsewu pa Benga. Mumandidziwanso kuti ndine wapakamwa. Musaweramitse mitu, zimene mumanena ndimazimva. Pakamwa pomwepo ndi pamene panandilanda mwana.

Mwana ndili naye mmodzi yekha, Madalo. Bambo ake anatisiya iye ali ku pulayimale, ndinamulera ndekha ndi mpunga womwewu. Kuyambira ali wamng'ono anali wotsanzira anthu. Abusa akale aja ankawatsanzira mpaka katsokomoledwe. Sewero la Khirisimasi m'tchalitchi muno, Mariya anali iye chaka ndi chaka. Atamaliza sekondale anapita ku Lilongwe kwa azakhali ake, ine n'kumati akukaphunzira zosoka. Ndinangomva anthu pamsika, "Anabanda, mwana wanu tamuona pa kanema, akuchita zisudzo." Sindinama, ndinanyada. Sabata imeneyo aliyense wogula mpunga ndinkamuikira basela.

Ndiye linafika tsiku lija. Linali Lachiwiri m'mawa, ndikupeta pakhomo. Mlamu wanga anabwera akuthamanga, foni ili m'manja. Anangondilozera chithunzi. Abale anga, Madalo ali m'bokosi. Maso otseka, thonje m'mphuno, nsalu yoyera mpaka pachibwano. Lichero sindikudziwa kumene linagwera. Tinayesa foni yake, yozima. Ya azakhali ake, yosayankhidwa. Pofika masana pakhomo panga panali patadzaza, mipando itatulutsidwa, adzukulu atauzidwa kale, achimwene anga akufunafuna galimoto yokatenga thupi. Amayi a Jere, nyimbo munayambitsa ndinu, mukukumbuka? Ndinalira mpaka mawu anatha.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Ndikuyankha, mawu a Madalo, akuseka. Akuti, "Amayi, mwandiimbira kambirimbiri, kwagwanji? Pojambula sitiloledwa kuyatsa mafoni." Ndinati, "Iwe, ukulankhulira kuti?" Ndiye akundifotokozera kuti linali sewero, bokosilo anachita kubwereka kwa kalipentala, thonjelo anamuika ndi mnzake, ndipo wina wachibwana anajambula n'kumwaza m'mafoni. Akufotokoza akusekabe, osadziwa kuti kuno anthu akhala pa maliro ake.

Anthu anabalalika. Ena akuseka, ena akulavula malovu, akuti malodza. Inu mukudziwa, kwathu kuno munthu wamoyo salowa m'bokosi, ngakhale mocheza. Manyazi ndi mkwiyo zinandikwera pamodzi. Ndinamuuza mawu amene ndikuchita nawo mantha kuwabwereza m'nyumba ya Mulungu muno. Ndinati, "Ine maliro ako ndalira kale, sindidzaliranso kachiwiri. Usadzapondenso pakhomo panga." Kuseka kunatha. Anangoti, "Amayi?" Ine ndinadula foni.

Anaimba mawa lake, sindinayankhe. Anaimba mwezi wonse. Anatumiza chitenje, ndinabweza. Anatuma azakhali ake, ndinawabweza ndi mawu. Kenako analeka, n'kusintha nambala. Zaka zinayi, abale anga. Zaka zinayi!

Mkwiyo unatha msanga, koma khosi linali louma. Chimene chinatsala ndi kumusowa. Inu amene munabereka mukundimva. Minibasi ikaima pasiteji, ine maso pachitseko. Atsika amayi a nkhuku, atsika bambo wa matumba, chitseko gwa! Mtsikana aliyense wamtali wobwera chakumadzulo ndinkamuyang'ana mpaka adutse. Chipinda chake ndinkasesa Loweruka lililonse, anthu akandifunsa n'kumati ndikuthamangitsa makoswe.

Tsopano amayi a Lachinayi, ndikhululukireni, lero ndiulula. Nthawi zonse zija ndinkajomba kumsonkhano n'kumati bondo landivuta, bondo linali bwinobwino. Lachinayi masana ndi pamene ankabwereza sewero la Madalo pa kanema. Ndinkazemba chakuseri kwa chigayo kupita kwa mnzanga wachisilamu uja, amake a Saidi, ali ndi kanema wa sola. Mayi ameneyo Mulungu amudalitse. Ankangondiyalira mphasa, n'kundipatsa tiyi, osandifunsa kanthu, ndipo sanauze munthu.

Ndinkakhala pafupi kwambiri ndi kanemayo. Nkhani ya sewerolo sindinkaitsata ine. Ndinkayang'ana ngati waonda, ngati tsitsi lamangidwa bwino, ngati chipsera cha pachigongono chija chikuonekabe. Nthawi zina ankangooneka kamphindi, ine n'kubwerera kunyumba ndi kamphindi komweko sabata yathunthu.

Koma chinali kundipweteka ndi ichi. M'seweromo anali ndi amayi ake ena. Mayi wina wonenepa, wa mpata kumano. Mwana wanga, wobereka ine, akugwada pamaso pa mayi ameneyo, akumupatsa madzi, akumutchula kuti amayi. Ndiye akayamba kulira pamiyendo pake, mayo ine, kulira kwake! Misozi yeniyeni, mphuno kufiira, mlomo wam'munsi kunjenjemera monga ankachitira ali khanda. Amake a Saidi ankapukuta m'maso n'kumati, "Koma mwana wanu ndi katswiri." Ine mumtima n'kumati, katswiri wa chiyani, wandiiwala uyu, wapeza amayi a m'tauni. Mayi wa mpata uja ndinadana naye osamudziwa. Ndinkapemphera, inde, koma pemphero langa linali lakuti, "Ambuye, mufewetseni mwanayu." Za mtima wangawu sindinkatchula.

Sabata yapitayi, Lachitatu, ndili pamalo anga ogulitsira, panaima galimoto yodzaza ndi zikwama ndi mawaya. Anatsika mayi wina atavala magalasi akuda. Atangotsegula pakamwa kupereka moni, ndinaona mpata uja. Ndi yemweyo! Akuti, "Mpunga mukugulitsa bwanji, amayi?" Ine ndinati, "Watha." Beseni lili lodzaza pamaso pake. Anzanga ogulitsa nawo akundikodola, ine nkhope gwa.

Mayiyo sanakwiye. Anavula magalasi, n'kukhala pathumba langa osapemphedwa. Akuti, "Ndinu amake a Madalo. Anandiuza kuti ndikadzaona mayi wokalipa pansi pa mtengo wa mango pa Benga, ndidzadziwe kuti ndafika." Anzanga kuseka. Mayiyo anati akupita ku Ngala kukajambula. Ndinasuzumira m'galimoto kufunafuna Madalo. Mayiyo anapukusa mutu. Akuti, "Mulibe. Ntchito iliyonse yodutsa msewu uno amakana. Amati munamuletsa, ndipo safuna kukuchititsaninso manyazi."

Ine pofuna kulimba ndinati, "Asavutike, amayi ali nawo kale, ndinu. Ndimamuona akulira pamiyendo panu." Apa ndinadziulula ndekha kuti ndimaonera. Mayiyo anati, "Mayi, ndikuuzeni za ntchito yathuyi. Kulira pa kamera n'kovuta. Amatha kukubwerezetsa kasanu, kakhumi, dzuwa likuswa mtengo, anthu akudikira. Ambirife timapaka anyezi m'maso, ena mankhwala a chimfine aja. Wanuyu sapaka kanthu. Amapempha kamphindi, n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lina ndinamufunsa kuti kukhomako amakatengako chiyani. Anati, ndimangokumbukira mawu a amayi anga pa foni. Ndiye akamagwira miyendo yangayi, sagwira ine. Wojambula akanena kuti basi, ena tonse timaseka, iye amapitiriza kulira."

Abale, ndinakhala pansi, padothi. Zaka zonsezi ndinkachita nsanje ndi misozi imene inali yanga. Ndinkamwa tiyi pamphasa n'kumaonera mwana wanga akulira chifukwa cha ine, dziko lonse likumuombera m'manja. Ndinalira pamsika, anthu akuona, ine Nabanda. Mayi uja amene ndinkadana naye ndi amene anandidzutsa n'kundisasa fumbi. Anandilembera nambala ya Madalo pakapepala, ndipo mpunga ndinamupatsa beseni lonse.

Kuimba sikunali kophweka. Tsiku lonse kapepala kali kumpango. Lachinayi m'mawa ndinagwada m'chipinda cha Madalo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapemphera molunjika. Ndinati, "Ambuye, wouma mtima ndine." Ndinaimba. Foni inalira kamodzi, kawiri, katatu. "Halo, ndani?" Ndinangoti, "Mada." Kenako ndikumva kupuma kwake, kenako, "Amayi? Amayi, ndinu?" Ndinati, "Ndine, mwana wanga. Mawu aja ndabweza. Ndinalakwa ndine. Pakhomo paja ndi pako."

Tinalira tonse awiri, palibe wotonthoza mnzake. Koma mwana ameneyu sasintha. Ali pakati polira akuti, "Amayi, mwandionongera ntchito. Tsopano ndizilira bwanji pa sewero?" Ndinati, "Uzipaka anyezi ngati anzako, ndikutumizira thumba lonse." Tinaseka. Ndinali nditaiwala kuseka kwake, abale anga, ndinali nditaiwala.

Sanafike. Musatembenuke kuyang'ana kukhomo, sanafike. Ali ndi masiku ena oti amalize kujambula, ndipo ndamuuza kuti amalize bwinobwino, ntchito ndi ntchito. Za bokosi zija sindinazikondebe, ndipo ndidzamuuza, koma ndidzamuuza ali pambali panga. Wati akwera Loweruka m'mawa. Masiku asanu ndi limodzi awa akunditalikira kuposa zaka zinayi zija. Manja angawa sanamugwire, akuchita kuyabwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti mmodzi wa ife alowe m'manda mawu aja asanabwezedwe. Ndikuthokoza abusa, munkandifunsa za mwanayu ine n'kumakuyankhani mokhadzula, koma simunatope. Inu amene munabwera kudzalira nane tsiku lija, munalira pachabe, ndiye ndikukuitananinso. Loweruka mubwere pakhomo pomwepo, nthawi ino ndi nthungululu. Ndipo mukandiona pasiteji kuyambira m'mamawa, ndikusuzumira m'minibasi iliyonse, musandifunse za mpunga. Sindigulitsa tsiku limenelo, ndikukalandira mwana wanga.

Imirirani, abale anga, musangalale nane. Amayi, nthungululu zili kuti? Aleluya!